Mafunso ndi mayankho okhudza a Olmec, anthu amene anasema mitu ya miyala ku Mexico wakale

Anthu ambiri akamva za mbiri yakale ya dziko la Mexico amakumbukira a Aztec ndi a Maya, koma mitundu iwiriyi isanatchuke kunali anthu ena m'madambo a m'mphepete mwa nyanja ya Gulf of Mexico amene anamanga mizinda, anasema miyala yolemera matani ambirimbiri, ndiponso anachita malonda ndi madera akutali. Zaka zolembedwa ndi BC m'mayankho otsatirawa zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa kubadwa kwa Khristu, choncho chaka cha 1200 BC ndi chakale kuposa cha 400 BC.

Kodi a Olmec anali ndani, ndipo ankakhala kuti?

A Olmec anali anthu a kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Mexico, m'dera limene lero lili m'zigawo za Veracruz ndi Tabasco. Derali ndi lotsika, lotentha ndiponso lachinyontho, ndipo mumadutsa mitsinje ikuluikulu monga Coatzacoalcos, Tonalá ndi Papaloapan, imene imasefukira chaka ndi chaka m'nyengo ya mvula. Chikhalidwe chawo chinayamba kuonekera cha m'ma 1600 BC, chinafika pachimake pakati pa 1200 BC ndi 400 BC, kenako chinasintha maonekedwe. A Aztec, amene Asipanishi anawagonjetsa mu 1521, anakhalako patapita zaka pafupifupi 2,000 kuchokera pamene mzinda wa a Olmec wotchedwa La Venta unasiyidwa.

Dzina lakuti Olmec silinali lawo. Linachokera m'chinenero cha Nahuatl cha a Aztec, amene ankatchula anthu a m'derali m'nthawi yawo kuti ndi anthu a kudziko la mphira, ndipo akatswiri ofukula zinthu zakale analibwereka n'kulipatsa anthu amene anakhala m'dera lomwelo kalekale.

Nanga anthu a m'madambo anapeza kuti chuma ndi mphamvu zomangira mizinda?

Yankho lili mu mtsinje, ndipo amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa zambiri za a Olmec. Madzi osefukira akaphwa ankasiya matope achonde m'mphepete mwa mitsinje, ndipo munda wa pamalo otere unkabereka kuposa wa kumtunda, monga momwe dimba la m'chigwa cha Shire limaberekera pamene minda ina yauma. Madzi omwewo ankasiya nsomba ndi akamba m'maiwe ndi m'mathamanda, moti banja limene linali ndi malo abwino m'dambo linkatha kugwira ndiwo zochuluka pa nthawi yochepa, n'kuziwamba ndi kuzisunga. Kumpoto kwa mzinda wawo wa San Lorenzo ofukula anapeza timitunda tambiri todzaza ndi manja pakati pa dambo, pamene anthu ankakhalapo pogwira ntchito imeneyi.

Ankalima chimanga, nyemba, maungu ndi chinangwa, ankatola zipatso za migwalangwa, ndipo ankasaka agwape. Mafupa opezeka m'nkhuti za ku San Lorenzo akusonyeza kuti nyama ya galu inali pakati pa nyama zimene ankadya kwambiri. Ankamwanso chakumwa cha koko, pakuti zotsalira zake zapezeka m'mapale a mbiya za pamalopo. Chimanga sanachiyambitse ndi iwo: chinawetedwa kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte m'chigwa cha Balsas, ku Mexico komweko, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika ku Africa pambuyo pa chaka cha 1500 kudzera m'zombo za amalonda. Nsima imene timaiona ngati yathuyathu, mbewu yake inachokera kumeneko.

Malo achonde a m'mphepete mwa mtsinje anali ochepa, choncho mabanja amene anawagwira anayamba kukhala ndi chakudya chotsala. Mwini chakudya chotsala amatha kuitana anthu ku ntchito ndi kuwadyetsa, amatha kukonza maphwando, ndiponso amatha kusinthanitsa katundu ndi alendo. Tikaphatikizapo kuti mtsinje unali msewu waukulu wa mabwato, ndipo woulamulira ankalamulira zonse zodutsamo, tikuona mmene ufumu unamerera m'matope. Mabwato awo ankawamata phula lotumphuka lokha pansi, limene m'derali ndi lochuluka, ndipo n'chifukwa chake lero kumeneko kumakumbidwa mafuta.

Ndi mizinda iti imene inali yaikulu?

Woyamba unali San Lorenzo, umene unali pa chitunda pakati pa nthambi za mtsinje wa Coatzacoalcos, ndipo unatchuka kuyambira cha m'ma 1200 BC mpaka cha m'ma 900 BC. Chitundachi anachikweza ndi kuchikonza potuta dothi lochuluka pamutu ndi m'madengu, ndipo m'mbali mwake anadula masitepe omangapo nyumba. Anthu apamwamba ankakhala pamwamba penipeni, ena m'nyumba yaikulu yokhala ndi pansi pofiira ndi mzati wa mwala, imene ofukula amaitcha Nyumba Yachifumu Yofiira. Pafupi ndi nyumbayi panali malo osemerapo miyala, zimene zikusonyeza kuti amisiri ankagwira ntchito moyang'aniridwa ndi banja lachifumu. Kunalinso ngalande za madzi zopangidwa ndi miyala yogobedwa pakati, yolumikizidwa motsatana ndi kuvundikiridwa ndi miyala ina yaphanthiphanthi. Pa nthawi imeneyo m'chigawo chonsecho munalibe mzinda wina wofanana nawo kukula.

San Lorenzo atazilala, La Venta inakwera, kuyambira cha m'ma 900 BC mpaka 400 BC. Mzindawu unali pa malo okwera ozunguliridwa ndi dambo pafupi ndi mtsinje wa Tonalá, ndipo unamangidwa motsata mzere umodzi wolozera kumpoto koma wopendekera pang'ono kumadzulo ndi madigiri 8. Pakati pake panali piramidi ya dothi yotalika mamita oposa 30, imene inadya dothi lokwana pafupifupi makyubiki mita 100,000. Tres Zapotes, kumadzulo kwa mapiri a Tuxtla, unali wocheperapo poyamba, koma ndi umene unapitirira kukhala ndi anthu pamene inzake iwiri inali itasanduka mabwinja.

Kodi mitu ya miyala yotchuka ija ilipo ingati, ndipo ikuimira ndani?

Mitu yodziwika ilipo 17. Mwa imeneyi, 10 inapezeka ku San Lorenzo, 4 ku La Venta, 2 ku Tres Zapotes, ndipo umodzi ku Rancho La Cobata. Waufupi kwambiri sufika mita imodzi ndi theka, pamene wa ku La Cobata ndi wotalika mamita 3.4 ndipo umalemera pafupifupi matani 40. Yonse inasemedwa pa mwala wolimba wotchedwa basalt, umene umapangika chiphala cha phiri lophulika chikazizira.

Palibe mitu iwiri yofanana nkhope. Wina ndi wokwinya tsinya, wina akuoneka ngati akufuna kumwetulira, wina watsegula pakamwa pang'ono mano n'kuonekera, ndipo uliwonse wavala chisoti chakechake: china chili ndi zikhadabo za nyama, china chili ndi mbalame, china chili ndi zingwe zolukana. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri amagwirizana kuti mituyi ndi zithunzi za mafumu enieni, osati za milungu, ndipo zizindikiro za pa zisoti ziyenera kuti zinali mayina kapena mbumba zawo. Ena amaona kuti zisotizo zikufanana ndi zodzitetezera pa masewera a mpira, koma mfundo ziwirizi sizitsutsana, chifukwa mfumu inkatha kuonetsedwa itavala ngati wosewera.

Pali chinthu china chochititsa chidwi chimene James Porter anaona mu 1989. Mitu ina ya ku San Lorenzo ili ndi zipsera za phanga losemedwa m'mbali mwake, lofanana ndi mapanga a kutsogolo kwa miyala ikuluikulu yaphanthiphanthi imene poyamba inkatchedwa maguwa a nsembe. Miyala imeneyi tsopano ikudziwika kuti inali mipando yachifumu, pakuti chithunzi chojambulidwa pa thanthwe ku Oxtotitlán, m'chigawo cha Guerrero, chikuonetsa mfumu itakhala pa mpando wa mtundu womwewo. Choncho mitu ina inali mipando poyamba, kenako inasemedwanso n'kusanduka nkhope, mwina ya mfumu yomweyo imene inkakhala pampandopo. Izi zikufotokozanso chifukwa chake mitu yambiri ndi yaphwatalala kumbuyo.

Anainyamula bwanji miyala yolemera choncho popanda ng'ombe kapena ngolo?

M'dambo mulibe miyala. Basalt wambiri wa ku San Lorenzo anachokera ku phiri la Cintepec m'mapiri a Tuxtla, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60, ndipo La Venta inali kutali kuposa pamenepa. A Olmec analibe nyama zokoka katundu, analibe ngolo, ndipo analibe zida zachitsulo. Miyala ankaisema poigogoda ndi miyala inzake yolimba, kenako n'kuikwecha ndi mchenga ndi madzi mpaka kusalala.

Pa za kanyamulidwe akatswiri amatchula njira ziwiri: kukoka mwalawo pamtunda ndi zingwe utaikidwa pa mitengo m'nyengo ya chilimwe pamene nthaka yauma, kapena kuuyandamitsa pa mitengo yomangidwa pamodzi madzi akakwera. Njira ya pamadzi imaoneka yosavuta pongoiganizira, koma mwala wa matani 20 ukapendama pang'ono pa mtsinje wothamanga, watayika kosatha, n'chifukwa chake ena amakonda mfundo ya pamtunda. Mulimonsemo ntchitoyi inkafuna anthu mazanamazana kwa miyezi ingapo, kuphatikizapo olambula njira, opota zingwe ndi ophika. Apa ndi pamene mituyi ikutiuza zambiri kuposa nkhope zake: mfumu imene inatha kuchotsa anthu ochuluka choncho m'minda mwawo, kuwadyetsa, ndi kudutsitsa mwala m'madera a anthu ena popanda kuletsedwa, inali ndi ulamuliro weniweni.

Kodi n'zoona kuti a Olmec anachokera ku Africa?

Ayi, ndipo ndi bwino kuti funsoli liyankhidwe mosazungulira, chifukwa nkhaniyi imafala kwambiri pa intaneti ndipo imakoma m'makutu a ife Aafirika. Chiyambi chake ndi chakale. José María Melgar y Serrano, amene anaona mutu woyamba ku Tres Zapotes mu 1862 wantchito wa pamunda wina atautulukira akulima, analemba kuti nkhope yake inali ya munthu wa ku Ethiopia. Mu 1976 Ivan Van Sertima anaikulitsa mfundoyi ponena kuti anthu a ku Nubia anawoloka nyanja n'kukaphunzitsa anthu a ku Mexico luso lawo.

Umboni sukuvomereza zimenezi. M'malo onse a Olmec amene afukulidwa mwadongosolo simunapezeke chinthu ngakhale chimodzi chochokera ku Africa, kaya mkanda, kaya chitsulo, kaya mbewu monga mapira kapena mawere. Zaka nazonso sizigwirizana, popeza mitu ya ku San Lorenzo inasemedwa chisanafike chaka cha 900 BC, pamene mafumu a ku Nubia amene amatchulidwa pa nkhaniyi analamulira Egypt cha m'ma 700 BC. Mbiya, nyumba ndi miyambo ya a Olmec zikuoneka zikukula pang'onopang'ono pamalo pomwepo kuchokera ku midzi ing'onoing'ono yakale, popanda chizindikiro cha alendo obwera ndi zatsopano. Milomo yokhuthala ndi mphuno zotambalala zilipo mpaka lero pakati pa eni nthaka a ku Veracruz ndi Tabasco, ndipo kuyeza kwa DNA ya mafupa a m'manda a m'dera la San Lorenzo kunapeza mtundu umene umapezeka mwa anthu oyambirira a ku America.

Ife a kum'mwera kwa Africa tiyenera kukhala oyamba kuukana mchitidwe umenewu, chifukwa unatichitikirapo. Atsamunda ataona makoma a Great Zimbabwe ananena kuti anamangidwa ndi Afoinike kapena anthu a mfumukazi ya ku Sheba, poganiza kuti munthu wakuda sakanatha ntchito yotere, ndipo zinatengera kufukula kwa David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti zitsimikizike kuti omangawo anali Aafirika a pamalopo. Kunena kuti mitu ya a Olmec inasemedwa ndi alendo ndi kulanda eni ake ntchito ya makolo awo mwa njira yomweyo.

Ngati anaiwalika kwa zaka zambiri, anadziwikanso bwanji?

Pambuyo pa Melgar panadutsa nthawi yaitali zinthu za a Olmec zikungoonedwa ngati zodabwitsa zopanda mwini. Mu 1925 Frans Blom ndi Oliver La Farge anafika ku La Venta n'kujambula miyala yake, koma anaganiza kuti inali ya a Maya. Amene anatsegula nkhani yonse ndi Matthew Stirling wa ku Smithsonian Institution, amene anafukula ku Tres Zapotes kuyambira mu 1939, kenako ku La Venta, ndipo mu 1945 anafika ku San Lorenzo.

Ku Tres Zapotes anapeza chidutswa cha mwala wolembedwa tsiku, umene umatchedwa Stela C. Nambala yoyamba ya tsikulo inali pa chidutswa chosowa, koma mkazi wake, Marion Stirling, anawerengera kuti iyenera kukhala 7, zimene zinapereka chaka cha 32 BC malinga ndi kawerengedwe ka masiku ano. Akatswiri ambiri a za a Maya anakana, chifukwa sankafuna kumva kuti pali anthu amene anatsogola a Maya. Akatswiri a ku Mexico, makamaka Alfonso Caso ndi Miguel Covarrubias, anaima kumbali ya Stirling, ndipo pa msonkhano wa ku Tuxtla Gutiérrez mu 1942 Caso anatcha chikhalidwe cha a Olmec mayi wa zikhalidwe zina za m'chigawocho. Mkanganowo unathetsedwa ndi sayansi: makala ofukulidwa ku La Venta mu 1955 atayezedwa ndi njira ya radiocarbon yodziwira zaka za zinthu zakale anasonyeza zaka za pakati pa 800 BC ndi 400 BC, ndipo ntchito ya Michael Coe ndi Richard Diehl ku San Lorenzo kuyambira 1966 mpaka 1968 inasonyeza zaka zakale kuposa pamenepa. Chidutswa chosowa cha Stela C chinapezeka mu 1969, ndipo nambala yake inalidi 7. Kuyambira mu 1990 Ann Cyphers wa pa yunivesite ya dziko la Mexico anatsogolera kufukula ku San Lorenzo, ndipo gulu lake ndi limene linapeza mutu wakhumi wa pamalopo mu 1994.

Ankapembedza chiyani?

Zosema zawo zadzaza ndi zamoyo zosakanikirana: munthu wokhala ndi pakamwa pa jagwa, nyama yamaanga yofanana ndi nyalugwe, ng'ona yokhala ndi nsidze zonga malawi a moto, nsomba yolusa ya m'nyanja, ndi njoka ya nthenga imene ikuoneka pa mwala wina wa ku La Venta. Chithunzi chobwerezedwa kwambiri ndi cha khanda la maso opendekera, milomo yogwera pansi ngati likulira, ndi mng'alu pamwamba pa mutu, ndipo akatswiri amachigwirizanitsa ndi mvula kapena chimanga, popeza pa zosema zina chimanga chimamera kuchokera mu mng'aluwo. Chiboliboli cha ku Las Limas, chimene ana awiri anachitola mu 1965, chikuonetsa mnyamata atanyamula khanda lotere pamiyendo, ndipo pa mapewa ndi mawondo ake pajambulidwa nkhope zinayi za mizimu. Anthu a m'mudzimo atachiona anachiika pa guwa n'kumayatsa makandulo poganiza kuti ndi Maria ndi mwana Yesu.

Mapiri, mapanga ndi akasupe anali malo opatulika. Pa mipando yachifumu mfumu imaonetsedwa ikutuluka m'phanga, nthawi zina itanyamula khanda lija, ngati kunena kuti ulamuliro wake unachokera pansi pa dziko kumene kumachokera madzi ndi mbewu.

Chodabwitsa kwambiri ndi nsembe zokwiriridwa za ku La Venta. Anthu ankakumba dzenje lakuya, n'kuyalamo miyala yobiriwira ya serpentine yochokera kutali, m'dzenje lina yokwana pafupifupi matani 1,000, pamwamba pake n'kuyala chithunzi chachikulu cha miyala yodulidwa bwino, kenako n'kukwirira zonse ndi dothi la mitundu yosiyanasiyana. Ntchito yonseyi sinali yoti maso a anthu aziione, inali mphatso kwa nthaka. Pamalo omwewo anapeza tiziboliboli 16 ta amuna titaimikidwa mumchenga ngati tili pa bwalo la milandu, kumbuyo kwake kuli nkhwangwa 6 za mwala zoimiritsidwa.

Kodi ndi iwo anayambitsa masewera a mpira?

Mipira yakale kwambiri ya mphira imene ikudziwika padziko lonse inapezeka ku El Manatí, kasupe wa m'tsinde mwa phiri pafupi ndi San Lorenzo, ndipo ina mwa iyo ndi ya m'ma 1600 BC. Matope a pamalopo salowa mpweya, choncho anasunga zinthu zimene kwina konse zikanaola: mipirayo, ziboliboli za mtengo zoposa 30, nkhwangwa za mwala wobiriwira wotchedwa jade, ndi mafupa a makanda, amene akatswiri ena amawaona ngati umboni wa nsembe za anthu. Mphira ankaupanga kuchokera ku utomoni wa mtengo wa Castilla elastica, ndipo kafukufuku wa mu 1999 anasonyeza kuti kusakaniza utomoniwo ndi madzi a chomera china choyanga, chachibale ndi mbatata, kumaupangitsa kukhala wolimba ndi wonjanja. Ku America ndi ku Ulaya njira yolimbitsira mphira inadziwika m'zaka za m'ma 1800.

Komabe bwalo lakale kwambiri la masewerawa silili kwa a Olmec koma ku Paso de la Amada, m'chigawo cha Chiapas, ndipo ndi la cha m'ma 1650 BC. Zikuoneka kuti masewerawa anali a mitundu ingapo yoyandikana. M'zaka zotsatira ankaseweredwa pomenya mpira wolemerawo ndi chiuno, ndipo mtundu wake wotchedwa ulama ukuseweredwabe m'chigawo cha Sinaloa.

Kodi ankadziwa kulemba ndi kuwerenga masiku?

Umboni ulipo, ngakhale ndi wochepa. Mwala wa ku Cascajal, umene unatoledwa ndi anthu okumba dothi lokonzera msewu ndipo unalengezedwa mu 2006, uli ndi zizindikiro 62, zina zobwerezedwa, ndipo amene anaufufuza amati ndi wa cha m'ma 900 BC. Popeza sunafukulidwe mwadongosolo, akatswiri ena amakayikira zaka zake. Ku San Andrés, pafupi ndi La Venta, kunapezeka chidindo cha dothi cha m'ma 650 BC choonetsa mbalame ikutulutsa zizindikiro m'kamwa ngati ikulankhula.

Kulemba kwenikweni kwa ziganizo zazitali kukuoneka pambuyo pa La Venta, pakati pa zidzukulu zawo zimene akatswiri amazitcha Epi-Olmec. Mwala wa ku La Mojarra, umene unavuulidwa mu mtsinje mu 1986, uli ndi zizindikiro mazana angapo ndi masiku a m'zaka za 143 ndi 156 Khristu atabadwa. Kalendala yowerenga masiku motsatana kuchokera pa tsiku limodzi loyambira, imene a Maya anaitchukitsa, ikuoneka koyamba m'dera limeneli ndi ku Chiapas, ndipo manambala ake amalembedwa ndi madontho ndi mizere, dontho kuimira 1 ndi mzere kuimira 5. Pa za chinenero, Lyle Campbell ndi Terrence Kaufman ananena mu 1976 kuti a Olmec ankalankhula chinenero cha banja la Mixe-Zoque, chifukwa mawu ambiri a mbewu ndi miyambo m'zinenero zoyandikana anabwerekedwa kuchokera ku banja limeneli.

Kodi n'koyenera kuwatcha mayi wa zikhalidwe zonse za m'chigawocho?

Kuti anali ndi mphamvu zofika kutali, palibe amene amatsutsa. Jade wawo ankachokera ku chigwa cha Motagua ku Guatemala, mwala wonga galasi wa obsidian wopangira mipeni unkachokera ku mapiri a Guatemala ndi a pakati pa Mexico, ndipo miyala ya chitsulo yopangira akalilole inkachokera ku Oaxaca ndi Chiapas. Zosema za kalembedwe kawo zikupezeka ku Chalcatzingo m'chigawo cha Morelos, m'mapanga a ku Guerrero, mpaka ku Chalchuapa ku El Salvador. Mu 2005 Jeffrey Blomster ndi anzake anayeza dothi la mapale oposa 700 n'kupeza kuti mbiya zokongoletsedwa zinkachoka ku San Lorenzo kupita kumadera ena, osati kubwera kuchokera kumeneko.

Ena, monga Kent Flannery ndi Joyce Marcus amene anafukula ku Oaxaca, amati mitundu ya nthawi imeneyo inali ngati ana a mimba imodzi ophunzitsana, ndipo zina zinayambira kunja kwa dera la a Olmec. Mfundo yawo inalimbikitsidwa mu 2020 pamene Takeshi Inomata analengeza za Aguada Fénix ku Tabasco, chitunda chodzaza ndi manja cha mamita 1,400 m'litali, chomangidwa pakati pa 1000 BC ndi 800 BC, pamene sipanapezeke zithunzi za mafumu ngati za ku San Lorenzo. Zimenezi zikusonyeza kuti anthu ena ankamanga zinthu zazikulu popanda ufumu wa mtundu wa a Olmec. Poyeza mbali ziwirizi, dzina la mayi likuoneka lopitirira muyeso likamatanthauza kuti zonse zinabadwa kwa iwo, koma kunena kuti onse anali ofanana nakonso n'kuphimba choonadi, chifukwa cha m'ma 1000 BC panalibe wina wosema ndi kusuntha miyala ngati a ku San Lorenzo.

Kodi anatha bwanji?

Sanathe ngati moto wozimitsidwa ndi madzi, koma mizinda yawo inagwa umodzi ndi umodzi. Ku San Lorenzo zosema zambiri zinapezeka zitathyoledwa mitu, zitabooledwa kapena zitakwiriridwa. Poyamba anthu ankati ndi ntchito ya adani kapena ya anthu ogalukira mafumu, koma tsopano zikudziwika kuti miyala ina inkaswedwa mwadala kuti isemedwenso, popeza basalt anali wovuta kumupeza. Chifukwa china chimene chimatchulidwa kwambiri ndi kusintha kwa njira za mitsinje, pakuti mzinda wodalira mabwato ndi matope achonde sungakhalitse mtsinje ukaupatukira. La Venta inasiyidwa cha m'ma 400 BC, ndipo chiwerengero cha anthu kum'mawa kwa derali chinatsika kwambiri kwa zaka mazana ambiri, pamene kumadzulo, ku Tres Zapotes, moyo unapitirira. Zinenero za banja la Mixe-Zoque zikulankhulidwabe ku Veracruz, Oaxaca, Chiapas ndi Tabasco.

Munthu angakazione kuti zinthu zimenezi lero?

Mitu 7 ya ku San Lorenzo ili ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Museo de Antropología mumzinda wa Xalapa, iwiri ili ku Museo Nacional de Antropología ku Mexico City, ndipo umodzi unatsala m'mudzi wa pafupi ndi malowo. Zosema zazikulu za ku La Venta zinasamutsidwira mumzinda wa Villahermosa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene ntchito yokumba mafuta inayamba kuwononga malowo, ndipo amene anatsogolera kusamutsako ndi Carlos Pellicer. Zina zinabedwa n'kugulitsidwa kunja, ndipo boma la Mexico lakhala likuzilondola: mwala waukulu wa ku Chalcatzingo woonetsa pakamwa pa chilombo cha pansi pa dziko unabwezedwa kuchokera ku United States mu 2023.